Kulembetsa pa app yophunzirira: zimene zimabweza ophunzira a ku Chigwa cha Shire asanaone phunziro loyamba

Mapulogalamu a pafoni ophunzitsa masamu, Chingerezi, sayansi kapena ntchito zamanja, amene ambiri timangowatchula kuti ma app, amatamandidwa kapena kunyozedwa potengera maphunziro amene ali m'kati mwake, koma wophunzira sayambira pa maphunzirowo. Amayamba ndi kutsitsa app, kuitsegula, kuyankha mafunso a amene anaipanga, kudikira uthenga wa nambala yotsimikizira, kenako kufufuza pamene pali phunziro loyamba. Ulendo umenewu, kuchokera pamene munthu wamva za app kufikira pamene wamaliza phunziro loyamba ndipo akudziwa mobwerera mawa lake, ndi umene umasankha amene adzaphunzire ndi amene adzasiyire panjira. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma loyambalo ndi pafupifupi 300,000 m'boma lachiwirilo, ulendowu ndi wolemera kuposa mmene amauganizira anthu amene amapanga ma app ali ku Blantyre kapena kunja kwa dziko lino.

Vuto lalikulu lili m'malingaliro amene app imabwera nawo. Ma app ambiri amapangidwa poganiza kuti munthu aliyense ali ndi foni yakeyake, ali ndi imelo, ndipo intaneti imakhala yoyatsa usana ndi usiku. Pabanja la ku Ngabu, ku Bangula kapena ku East Bank zinthu nthawi zambiri sizikhala choncho. Foni yotha kulowa pa intaneti imakhala imodzi pakhomo, mwina ya bambo, mwina ya achimwene amene amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndipo amabwera nayo madzulo. Ikatha moto imakatchajitsidwa pa sola ya pagolosale, bandulo imagulidwa ya tsiku limodzi, ndipo mwana wa Fomu 4 amaibwereka kwa kanthawi kochepa mwiniwake asanaifunenso. Kwa wophunzira wotere funso lililonse limene app ikufunsa limadya zinthu zitatu pakamodzi, zimene ndi ndalama, moto wa foni ndi nthawi yobwereka. Wopanga app amene wamvetsa zimenezi amayamba kuona fomu yolembetsera ngati mtengo umene akulipiritsa wophunzira, ndipo amadzifunsa ngati funso lililonse likuyeneradi kulipiridwa.

Chopinga choyamba chimabwera app isanatsegulidwe n'komwe. Mafoni ambiri a m'chigwachi ndi a Android a mtengo wotsika, monga a Itel ndi Tecno, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 anthu akukakamira mafoni akale chifukwa atsopano anakwera mtengo. Mafoni amenewa amakhala ndi malo ochepa, ndipo malowo amakhala atadzaza kale ndi zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo obwera pa WhatsApp. App imene imabwera ndi maphunziro onse a Fomu 1 mpaka Fomu 4 pakamodzi imakanika kulowa, kapena imamaliza bandulo isanathe kutsika. Njira yabwino ndi yakuti app yeniyeniyo ikhale yaing'ono, maphunziro azitsitsidwa padera limodzilimodzi, ndipo pambali pa phunziro lililonse pazilembedwa kuchuluka kwa MB zimene lidye, kuti wophunzira azisankha akudziwa. App iyeneranso kugwira ntchito ngakhale italowa m'foni kudzera pa Xender kapena Bluetooth kuchokera kwa mnzake, pakuti umu ndi mmene ma app ambiri amayendera m'midzi, osati kudzera pa Play Store.

Pali nkhani ina yokhudza Play Store imene opanga ma app saiganizira kawirikawiri. Akaunti ya Google imene ili m'foni nthawi zambiri inatsegulidwa ndi wogulitsa foniyo kapena mnyamata wokonza mafoni pamsika, ndipo mwini foni sadziwa pasiwedi yake, mwinanso sadziwa kuti akauntiyo ilipo. Batani lolowera ndi Google, limene kwina limaoneka ngati njira yachidule kuposa zonse, kuno limamangirira maphunziro a mwana ku akaunti imene palibe aliyense pakhomopo angathe kuitsegulanso foniyo ikadzawonongeka. Batanilo likhoza kukhalapo kwa amene akulifuna, koma lisakhale khomo lalikulu.

Funso lofunika kwambiri ndi lakuti kulembetsa kuzichitika pa nthawi iti, ndipo pamenepa maganizo anga ndi osabisa: phunziro liziyamba, fomu izibwera pambuyo. Duolingo, app yophunzitsa zilankhulo imene ili ndi ogwiritsa ntchito ambiri padziko lonse, imalola munthu kusankha chilankhulo ndi kuchita phunziro loyamba asanatsegule akaunti, ndipo Khan Academy, app ina ya maphunziro aulere, imalola kuonera maphunziro ake popanda kulembetsa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu amene sanaonebe phindu la chinthu amaona funso lililonse ngati chotchinga, pomwe amene wangomaliza kumene phunziro la masamu n'kukhoza mafunso ake ali ndi kanthu kamene sakufuna kuti katayike, choncho akauzidwa kuti apereke nambala ya foni kuti zimene wachitazo zisungidwe, pempholo limakhala ndi tanthauzo. N'chimodzimodzi ndi mphunzitsi wamkulu amene amalola mwana wosamuka chifukwa cha madzi osefukira kukhala m'kalasi tsiku lomwelo, kalata yochokera kusukulu yake yakale n'kumadzabwera pambuyo. Mwanayo akanabwezedwa kuti akayambe watenga kalata, mwina sakanabweranso.

Otsutsa njira imeneyi amapereka zifukwa ziwiri, ndipo zonse zili ndi kulemera kwake. Choyamba n'chakuti zimene wophunzira wachita zingatayike ngati alibe akaunti. Yankho lake ndi la luso chabe: app imatha kutsegula akaunti yongoyembekezera m'foni momwemo mwakachetechete, n'kumasunga zonse mmenemo, kenako n'kudzazilumikiza ku nambala ya foni pa tsiku limene wophunzira walembetsa. Chachiwiri n'chakuti mabungwe amene amapereka ndalama zopangira ma app amafuna kuona chiwerengero cha olembetsa. Chifukwa chimenechi n'choona, koma ndi chimene chimawononga ma app ambiri, pakuti chimachititsa opanga kukankhira fomu kutsogolo kuti manambala akwere, ngakhale kuti ambiri mwa olembetsawo sadzatsegula phunziro ndi limodzi lomwe.

Nthawi yolembetsa ikafika, imelo isafunsidwe, kupatula kwa aphunzitsi kapena ophunzira a kukoleji amene ali nayo kale. Chimene aliyense amachidziwa ndi nambala ya foni, ndipo WhatsApp inazoloweretsa anthu njira yolemba nambala ndi kulandira uthenga wa manambala asanu ndi limodzi. Komabe m'kanjira kakafupi kameneka muli misampha ingapo. Ife timatchula nambala kuyambira pa 0, monga 088 ya TNM kapena 099 ya Airtel, pomwe ma app ambiri amafuna kuti iyambe ndi +265 ndipo 0 uja achotsedwe. App imene imangonena kuti nambala ndi yolakwika, osafotokoza cholakwikacho, imabweza munthu amene walemba nambala yake molondola ndithu. App iyenera kulandira nambala mmene yalembedwera, n'kuikonza yokha, ndipo dziko la Malawi likhale litasankhidwa kale m'malo mouza wophunzira kuti alifufuze pa mndandanda wa mayiko onse a padziko.

Uthenga wotsimikizira nawo uli ndi zovuta zake. Kumene netiweki imagwira mojejema uthengawu umachedwa, ndipo app imene imaupatsa mphindi imodzi yokha imakhala itauthetsa mphamvu pamene ukufika. Wophunzira amapempha wina, woyamba uja n'kufika, iye n'kulemba woyambawo, app n'kukana, ndipo akabwereza kangapo amatsekeredwa kunja. Nthawi zina simukadi ya nambala imene walembayo ili m'foni ina ya mabatani imene mayi apita nayo kudimba. Zothetsera zake zilipo ndipo si zodula. Nthawi yodikira italikitsidwe, nambala yotumizidwa kachiwiri ikhale yomweyo ngati yoyambayo isanathe nthawi, ndipo pakhale mwayi woilandira poimbiridwa foni. Android ili ndi njira yolola app kuwerenga yokha uthenga wake wotsimikizira popanda kupatsidwa chilolezo choona mauthenga ena onse, ndipo njirayi imachotsa vuto lotuluka mu app kukayang'ana uthenga, zimene pa foni yofooka zimachititsa kuti app itsekeke n'kuyambiranso pachiyambi. Koposa zonsezi, kulephera kutsimikiza nambala kusamatseke maphunziro. Wophunzira apitirize kuphunzira, app idzayesenso ikadzapeza netiweki.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikuiona kuti ndi phata la zonse, ya mwini nambala. Kuyambira mu 2018 simukadi iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa motsatira malamulo a MACRA, ndipo chiphaso cha unzika chimene anthu amalembetsera chimaperekedwa kwa amene akwanitsa zaka 16. Izi zikutanthauza kuti mwana wa Sitandade 8 amene akukonzekera mayeso a PSLCE, ngakhalenso ambiri a Fomu 1 ndi Fomu 2, alibe nambala ya m'dzina lawo. Nambala imene adzalembe ndi ya kholo kapena m'bale, ndipo nambala yomweyo idzafunidwanso ndi mng'ono wake kapena msuweni wake wokhala pakhomo pomwepo. App imene imati nambala imodzi ndi ya wophunzira mmodzi imakakamiza ana atatu kugwiritsa ntchito akaunti imodzi, zotsatira zawo n'kusakanikirana, ndipo njira yake yoyezera pamene wophunzira wafika imasokonekera, moti wa Fomu 3 amapatsidwa mafunso a Sitandade 7. Choyenera n'chakuti nambala iziimira banja, ndipo pansi pake pakhale malo a wophunzira aliyense, okhala ndi dzina lake ndi kachithunzi kamene wasankha, kuti akatenga foni azingodina dzina lake n'kupitiriza pamene anasiyira.

Pasiwedi yofuna zilembo zazikulu, zazing'ono, manambala ndi zizindikiro ilibe malo pa app yotere. Imaiwalika, ndipo njira yoibwezeretsa imadutsa pa imelo imene wophunzira alibe. PIN ya manambala anayi ndi yokwanira, popeza anthu anaizolowera pa Airtel Money ndi Mpamba. Kuzolowera komweko kuli ndi ngozi yake, chifukwa ena adzalemba PIN yawo yeniyeni ya ndalama, ndipo ena adzaopa kuti app ikufuna kuwabera, poti akuba a pafoni amene amaimba n'kumapempha manambala achinsinsi avutitsa anthu mokwanira. App inene momveka kuti PIN imeneyi ndi yatsopano, ndi ya maphunziro okha, ndipo isafanane ndi ya ndalama. Uthenga wotsimikizira uzitchula dzina la app ndipo uzibwera m'Chichewa, kuti kholo limene laulandira lisaufufute poganiza kuti ndi msampha.

Ku Chigwa cha Shire kubwezeretsa akaunti sikuyenera kuonedwa ngati nkhani yapambali. Madzi osefukira a January 2015, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anasamutsa mabanja ambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa, sukulu zinasanduka misasa, ndipo madera monga Makhanga ankafikika pa bwato kapena pa ndege basi. Pa nthawi zotere foni zimanyowa, zimatayika kapena zimagulitsidwa kuti pakhomo papezeke chakudya, makope nawo amapita ndi madzi, ndipo apa ndi pamene maphunziro osungidwa pa intaneti akanathandiza kwambiri. Koma ngati khomo lolowera ndi nambala imodzi yokha, ndipo simukadi yake yatayika kapena yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito mpaka kampani yaipereka kwa munthu wina, wophunzira amayambiranso pachiyambi ngati mlendo. N'chifukwa chake app iyenera kupereka khomo lachiwiri, monga nambala ina ya m'bale, kapena kanambala kachidule ka wophunzira kamene angakaloweze pamtima, kapenanso mphamvu yakuti mphunzitsi wa kalasi yake amutsegulire. Pulogalamu ya Kolibri, imene inapangidwira malo opanda intaneti, imalola mphunzitsi kulembetsa ophunzira ake ndipo imatha kukonzedwa kuti ana azilowa ndi dzina lokha popanda pasiwedi.

Mafunso ena onse ayesedwe ndi muyeso umodzi: kodi yankho lake lisintha phunziro limene wophunzira aone posachedwapa? Kalasi imene ali, phunziro limene akufuna ndi mayeso amene akukonzekera zimasintha, choncho zifunsidwe. Mfumu yaikulu ya dera lake, chipembedzo, ntchito ya makolo ndi tsiku lenileni lobadwa sizisintha kanthu. Ngati msinkhu ukufunika, chaka chobadwa n'chokwanira, ndipo funsolo lisaganize kuti aliyense wokonzekera MSCE ndi wachichepere, pakuti alipo akuluakulu ambiri amene akubwerera kusukulu kudzera m'makalasi a masana a Open kapena ku Malawi College of Distance Education. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 likuikanso udindo pa aliyense wosonkhanitsa mbiri zotere, ndipo mbiri imene sinafunsidwe singabedwe. Atsikana makamaka ayenera kutetezedwa: nambala ya foni isaonekere kwa ophunzira ena, ndipo chithunzi chenicheni cha nkhope chisakhale chokakamiza.

Chilankhulo chisankhidwe pa tsamba loyamba lenileni, dzina la chilankhulo chilichonse litalembedwa m'chilankhulocho. Mayeso a MANEB a kusekondale amalembedwa m'Chingerezi kupatula maphunziro a zilankhulo zina monga Chichewa, ndipo munthu sapata satifiketi ya MSCE popanda kukhoza Chingerezi, choncho maphunziro enieniwo ayenera kukhala ndi Chingerezi chokwanira. Koma malangizo a mmene app imagwirira ntchito si mayeso, ndipo palibe chifukwa chowabisira m'Chingerezi. M'chigwachi ana ambiri amakula akulankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndipo makolo ena amene amabwereketsa foni sawerenga bwino, motero mawu ojambulidwa amathandiza kuposa zilembo. Maphunziro a bungwe la onebillion, amene akufika m'sukulu za pulayimale pa matabuleti otchajidwa ndi sola kudzera mu ndondomeko ya boma yotchedwa BEFIT, amalangiza ana ndi mawu a Chichewa ndipo safuna intaneti, zimene zikusonyeza kuti mwana wosadziwa kuwerenga angathe kuyamba yekha ngati walankhulidwa. Chichewa chake chikhale cholembedwa ndi munthu wochidziwa, chifukwa chomasuliridwa ndi makina chimasokoneza kuposa Chingerezi chosavuta.

Masamba anayi kapena asanu otamanda app amene amaoneka potsegula koyamba anthu amangowadumpha, ndipo akhoza kuchotsedwa popanda chotayika. Wophunzira amadziwa ntchito ya batani pamene akulifuna, choncho malangizo azibwera limodzilimodzi m'kati mwa phunziro loyamba. Mayeso oyezera pamene munthu ali akhale aafupi, ayambe ndi mafunso osavuta, ndipo zotsatira zake zinene pamene ayambire osati zimene walephera. Chilolezo chogwiritsa ntchito kamera kapena maikolofoni chipemphedwe pamene phunziro lachifuna.

Zikumbutso zimafuna kuganiziridwa mosamala kwambiri. Foni imene intaneti yake imayatsidwa mwa apo ndi apo silandira zikumbutso zochokera kunja pa nthawi yake, ndipo zikafika zimapeza foniyo ili m'thumba la mwini wake kuntchito. Ndi bwino kufunsa wophunzira nthawi imene amapeza foni, chikumbutsocho n'kumachokera m'foni momwemo. Chizolowezi cha ma app ambiri chowerenga masiku otsatizana amene munthu waphunzira, n'kumufufutira onse akaphonya tsiku limodzi, chimalanga wophunzira pa zinthu zimene sangazilamulire. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, amene ali ku Chikwawa komweko ndipo amapereka mamegawati pafupifupi 130, dziko linakhala m'kuthimathima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Cholinga cha pa sabata, monga maphunziro atatu pa masiku alionse amene wophunzira angathe, chimagwirizana bwino ndi moyo wa foni yobwereka.

Ngati app ndi yolipira, mtengo unenedwe poyambirira m'makwacha, ndipo zaulere zisiyanitsidwe momveka ndi zolipira. Malipiro adutse pa Airtel Money ndi Mpamba, osati pa khadi la kubanki, ndipo pakhale mwayi wolipira sabata imodzi, mwezi kapena teremu, popeza ndalama za pakhomo zimabwera ndi nyengo, monga pogulitsa thonje kapena chitowe, mwinanso ndi ganyu wa tsiku. Kudula ndalama mobwerezabwereza popanda kufunsa kumathetsa chikhulupiriro cha mwini foni, ndipo iye akakwiya app imachotsedwa tsiku lomwelo. Mwini foniyu ndi munthu wachiwiri amene app iyenera kumulandira bwino, ngakhale kuti sindiye wophunzira. Uthenga waufupi womuuza chimene mwana akuchita, MB zimene zidzapite pa sabata, ndiponso kuti mauthenga ake ndi ndalama zake sizikhudzidwa, umatha kusintha maganizo a kholo limene limaona foni m'manja mwa mwana ngati chiyambi cha makhalidwe oipa. Mphunzitsi wa pa CDSS amene walemba pabolodi kanambala kolowera kalasi yake amathandizanso kwambiri, chifukwa ana amalowa atapeza kalasi ndi maphunziro awo zitasankhidwa kale, ndipo makolo amakhulupirira chimene chachokera kusukulu.

Kuti opanga adziwe ngati zonsezi zikuyenda, chiwerengero cha otsitsa app kapena olembetsa sichiwauza zambiri. Zofunika kuwerenga ndi anthu amene amaliza phunziro loyamba, nthawi ndi MB zimene zawatengera kuti afike pamenepo, sitepe imene ambiri akusiyira, ndi amene abwereranso sabata yotsatira. Ngakhale ziwerengero zimenezi zili ndi mpata waukulu, chifukwa foni imene yakanika kutsitsa app, kapena imene sinalumikizikenso ku intaneti, situmiza lipoti lililonse, moti amene alephera kwambiri ndi amene saoneka m'mabuku. Mpata umenewu umatsekeka pokhapokha opanga atatsika zitunda za Thabwa n'kukakhala pambali pa wophunzira ku Ngabu, ku Tengani kapena ku Marka, n'kumupatsa app pa foni ya kwawo ndi bandulo yake, osamuthandiza, akungoyang'ana pamene chala chake chikuima. Kuyesako kuchitikenso masana a mu October kapena November, pamene kutentha kumafika madigiri 40, foni zimatentha n'kumachedwa, ndipo zilembo zotuwa zoonda zimene zimaoneka bwino mu ofesi siziwerengeka pa kuwala kwa dzuwa.